A Chipeta, Mesenjala wa Njoka

Pa Mzimba Boma padutsa anthu ambiri a zochitika, koma wopereka samoni kwa njoka analipo mmodzi yekha, malemu a Wilkins Chipeta. Bambo amenewa anagwira umesenjala kukhoti zaka makumi atatu, akuyenda ndi makalata oitanira anthu ku milandu. Atapuma pantchito, yunifomu ya khaki anaisunga, khalidwe la ntchitoyo analisunganso. Njoka sankapha ayi. Ankati kupha wina asananene mbali yake n'kuphwanya malamulo, ndipo pa nkhani imeneyi njoka ankaiwerengera m'gulu la anthu.

Ikaoneka njoka pakhomo, eni ake akukuwa, ena atatola kale miyala, a Chipeta ankatulukira pa njinga yawo yopanda mabuleki, akuimitsa ndi chidendene.

"Miyala pansi! Ana m'nyumba, agalu pa chingwe, aliyense abwerere m'mbuyo. Khoti layamba!"

Iwo eni ankaima patali kuposa wina aliyense, n'kutulutsa pepala m'thumba. Ankayamba kuwerenga m'Chitumbuka, poti mwina njokayo ndi mbadwa. Kenako m'Chichewa, poti zina zimabwera pa malole a matabwa kuchokera ku Chikangawa, kumene kwadzaza anthu obwera. Pomaliza m'Chingerezi, kuti ikadzachita apilo isadzaname kuti sinamve. Ankaipatsa masiku atatu kuti isamuke. Akatero ankatembenukira mwini khomo, amene ankamutchula kuti woimbidwa mlandu wachiwiri, n'kumulamula kuti atchetche udzu, akweze nkhuni pa thandala, atseke mauna a makoswe. Pofika tsiku lachitatu njoka ija siinkaonekanso, ndipo a Chipeta ankayenda mokweza mapewa, amvekere, "Yalemekeza khoti."

Tsiku lina anaitanidwa ku golosale ya a Kassimu ku msika. Chinthu chakuda chinali chitadzipinda kuseri kwa matumba a shuga. A Chipeta anawerenga zinenero zonse zitatu, chinthucho phee.

"Iyi ndi nkhutukumve," anatero, n'kuyambiranso.

"Masiku atatu, adada? Nanga makasitomala azigula kuti shuga?" anadandaula a Kassimu ali pamwamba pa kauntala.

"Woimbidwa mlandu wachiwiri akhale chete!"

Patapita theka la ola, mkazi wa a Kassimu anafika n'kukoka chinthu chija ndi dzanja. Chinali chubu cha njinga. Msika wonse unagwa nako kuseka, koma a Chipeta anangopinda pepala lawo bwinobwino. "Mlandu wathetsedwa posowa umboni," anatero, n'kukwera njinga.

Pa Boma ponse ankawakonda, kupatula munthu mmodzi amene mpanda wake unagundana ndi wawo: mai Selina, amene anthu ankawatchula NyaShaba. Mai amenewa anali amasiye, ogulitsa tomato ku msika, pakamwa pawo pakuthwa. Zaka makumi awiri anakhala akuyambana ndi a Chipeta pa nkhani ya masamba a mango, ya nkhuku, ya utsi, ndipo zifukwa zikasowa ankayambana pa nkhani ya moni.

NyaShaba anali ndi zinthu ziwiri zosati n'kuziseweretsa, ndipo zonse zinachokera kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Goodluck, amene anapita ku Joni. Choyamba anali galu, dzina lake Mukanadziwa. Goodluck anamusiya ali kamwana, amvekere, "Amama, muzicheza ndi uyu mpaka ndibwere." Ndipo ankachezadi naye, abale inu! Mitengo ya tomato, miseche ya ku msika, kuwawa kwa bondo, zonse ankauzidwa ndi galuyo. Chachiwiri unali uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba. Goodluck anaimba foni chaka chake choyamba kuti amai aumbitse njerwa, akubwera kudzamanga nyumba ya malata. Njerwa zinaumbidwa, zinaotchedwa, n'kukhala. Zaka zisanu ndi chimodzi uvuniwo unaima pomwepo, udzu n'kumera pamwamba pake, foni zija zikunka zichepa.

Ndiye masana ena NyaShaba akuyanika zovala anaona njoka. Inali pamwamba pa uvuni ikuothera dzuwa, ndipo itawaona inadzutsa mutu n'kufutukula khosi ngati chipande. Inali ya mtundu uja wolavulira m'maso. Mukanadziwa anayamba kuuwa, akuthamangira komweko, mai aja akumukoka mchira.

Sanaitane munthu, koma a Chipeta anali atafika kale, yunifomu atamanga mabatani mpaka m'khosi. Anawerenga pepala lawo, njoka n'kulowa m'mpata wa njerwa isanamve n'Chingerezi chomwe. Kenako anatembenuka.

"NyaShaba, alandilodi a njokayi ndinu. Mwaimangira nyumba ya zipinda chikwi, makoswe a ndiwo ali momwemo. Khoti likulamula kuti uvuniwu uphwasulidwe."

"Njerwa za mwana wanga sazikhudza munthu. Akabwera adzazipeze mmene zilili."

"Mbwenu mangani galu."

"Galu wanga si mbuzi. Kamangeni lilime lanulo."

"Kumeneko ndi kunyoza khoti!"

"Khoti lopanda mabuleki! Tulukani pakhomo panga!"

Mumtima NyaShaba ankadziwa kuti a Chipeta akunena zoona, ndipo n'chimene chinawapsetsa mtima kwambiri. Kuphwasula uvuniwo kunali ngati kuvomera pamaso pa Boma lonse kuti nyumba ya malata ija siidzamangidwa. Choncho anaganiza zoithamangitsa okha njokayo. Tsiku loyamba anawaza mchere kuzungulira uvuni, mbuzi za eni ake n'kubwera kudzanyambita. Tsiku lachiwiri anaotcha tayala lakutha. Utsi wake unathamangitsa anthu a nyumba zisanu, zovala pa chingwe zinada bii, a Chipeta anatsokomola mpaka madzulo. Njoka inatuluka bwinobwino mmawa mwake kudzaothera dzuwa, yooneka ngati yagona tulo tabwino.

Ndi mmawa womwewo pamene zinachitika. NyaShaba akutsuka mbale anamva Mukanadziwa akuuwa kuseri, kenako kulira kwina kumene sanamvepo. Galu anatulukira akuzungulira, akukanda kumaso ndi mapazi, akuwomba makoma. Njoka inali itamulavulira m'maso onse awiri.

"Mayo ine! Adada a Chipeta! Adada, ndapota nanu!"

Zaka makumi awiri anali asanawatchulepo adada. A Chipeta anadumpha mpanda, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, thovu la sopo lili kuchibwano, phazi limodzi jombo, linalo patapata. Panalibe pepala, panalibe Chingerezi. Anapana galu uja pakati pa mawondo, n'kumutsegula zikope ndi zala.

"Madzi! Bweretsani madzi!"

Anthu anali atadzaza kale, aliyense dokotala. Wina amati mkaka, wina amati fodya, wina amati phulusa.

"Ndati madzi! Wobweretsa china chilichonse ndimutsekera!"

NyaShaba anathamanga ndi ndowa ku mpopi, kubwera, kupitanso. A Chipeta ankathira pang'onopang'ono m'maso mwa galuyo osalekeza, galu akuwang'ambira thalauza, iwo osamusiya. Ndowa zinakwana khumi ndi ziwiri. Kenako anamukulunga m'thumba la chimanga, mutu wokha uli kunja, n'kumumangirira pa kaliyala ulendo kwa dokotala wa ziweto. Amene anali mumsewu tsikulo sadzaiwala: nkhalamba ya thovu kuchibwano ikupalasa njinga yopanda mabuleki, galu ali pambuyo ngati kasitomala wa kabaza, NyaShaba akuthamanga m'mbuyo akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono, mundiphera mwana!"

Diso limodzi linapulumuka. Linalo linachita ng'ala mpaka lero.

Mawa lake NyaShaba anaima pa mpanda, osayang'ana munthu kumaso. "Kaphwasuleni uvuni uja," anatero. A Chipeta sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale kuti mawuwo ankachita kuoneka akuwayabwa m'masaya. Anasonkhanitsa amuna anayi ovala jombo, aliyense ndi mtengo wautali wa ngowe, n'kuyamba kugwetsa njerwa ataima patali. Mbali yoyang'ana ku dambo analamula kuti pasaime munthu, poti ndilo khomo lotulukira woimbidwa mlandu. Dzuwa lili pamutu njoka inatuluka, n'kulowera ku dambo kuja mosafulumira, ngati munthu amene wasamuka mwa kufuna kwake.

Madzulo NyaShaba anaimbira foni Goodluck, mtima uli m'mwamba, kuti apepese. Anafotokoza zonse, misozi ili chuchuchu. Atamaliza, Goodluck anangofunsa kuti:

"Njerwa ziti, amama?"

Zinawapweteka mawu amenewo, tisaname. Analira tsiku lonse lotsatira. Kenako anapukuta misozi n'kuitana mmisiri, njerwa zija zinamanga khitchini yabwino ndi khola la nkhuku.

Koma tsoka la NyaShaba silinathere pomwepo. Mukanadziwa atachira anasamuka. Ankabwera kwawo kudzadya basi, akatha n'kudutsa pa mpanda kukagona pakhonde la a Chipeta, mutu atatsamiritsa pa jombo yawo.

"Mwandibera galu! Ndikakusumirani!"

"Kasumeni, NyaShaba. Samoni yake ndidzadzipatsa ndekha, ndipo ndidzakana kuilandira."

"Ndimudyetse ine, agone kwa inu?"

"Mufunseni mwini wake, ali ndi diso limodzi koma akuona kumene kuli mtendere."

Anakangana choncho zaka zina zitatu, tsiku ndi tsiku, galu ali pakati akuyasamula.

A Chipeta anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira ija, atangodwala sabata imodzi. Pa maliro awo a Kassimu anatseka golosale tsiku lonse, akabaza anaperekeza bokosi akukankha njinga zawo. Anthu ankalira, wina akakumbutsa za chubu chija n'kuseka, n'kuyambanso kulira.

Masiku ano njoka ikaoneka pa Boma ndi chipwirikiti chokhachokha. Miyala imauluka, magalasi a mawindo amasweka, mwezi wathawu munthu wina anasokedwa pamphumi atagendedwa ndi mlamu wake, njoka n'kudzipitira yamoyo. Palibenso wouza ana kuti alowe m'nyumba. Phokoso lachuluka, komabe pamalopo pamamveka zii.

Ana a malemu amakhala kutali, ndipo anangokhoma nyumba ija n'kubwerera. Mvula itagwa udzu unamera mpaka m'mawindo. Mukanadziwa sanasiye kugona pakhonde paja, mbali ya diso lakufa itayang'ana ku udzuwo. NyaShaba anamukoka ndi chingwe, anabwerera. Anamunyengerera ndi mafupa, anadya n'kubwerera. Mai aja anayang'ana udzu uja, n'kuyang'ana galu wawo, mantha n'kuwagwira.

Mmawa wina a Kassimu akupita ku msika anawapeza ali m'bwalo la a Chipeta, chikwakwa m'manja, chitenje atamanga m'chiuno, akutchetcha uku akung'ung'udza.

"NyaShaba, ana a malemu akulembani ganyu?"

"Ganyu wa chiyani? Munthu uja ndi woipa mtima, wapita osandisiyira ndi wokangana naye yemwe. Ndawasowa, a Kassimu. Ndawasowa chomene."

A Kassimu anayang'ana kukhonde. Analoza galu uja, amene anali atadzutsa mutu atamva kulira kwa njinga mumsewu. "Nanga uyu bwanji osamumangirira kwanu?"

"Musiyeni," anatero NyaShaba akuweramiranso udzu. "Akudikira munthu woti sabwera. Anatengera ine."