Mavoti Khumi ndi Awiri ndi Denga la pa Siteji

Lolemba

Mvula. Nabanda wabwera ku shifiti akutsokomolanso. Siteji yathu ya basi ya pakona ilibe denga: chitsulo chimodzi chokhala ndi kachikwangwani pamwamba, kwatha. Mkazi wanga amaima pamenepo m'mawa uliwonse sikisi isanakwane, kupita kukasambitsa agogo a eni ake kunyumba yosungirako okalamba. Ambulera yake inapindidwa ndi mphepo mwezi watha. Chifuwa chimenechi n'cha pa siteji, si china.

Lachinayi kuli chisankho cha makhansala, ndipo ine ndikudziwa chinthu chimene anzanga ambiri sachisamala: ife ochokera m'mayiko amene Angelezi ankalamulira timaloledwa kuvota kuno ku Mangalande! Khomo limeneli anaiwala kutseka.

Pulani ndi iyi. Ndisonkhanitsa mavoti, ndiwaike patebulo pamaso pa kandideti, iye atipatse denga. Ndale ndi zimenezo basi. Kwathu ndinaonapo mjigo ukukumbidwa masiku anayi chifukwa cha kampeni.

Mavoti anga:
Ine.
Nabanda.
A Mwale a ku Zambia, akulu a mpingo, akazi awo ndi mlamu wawo.
Mai Moyo a ku Zimbabwe ndi mng'ono wawo.
Anyamata anayi a ku yunivesite okhala kuseri kwa msewu wathu.
A Yusufu a m'butchala, Mmwenye wobadwira ku Limbe, amene Chichewa chawo chimaposa cha ana athu.

Khumi ndi awiri! Mu Spinney Hill muno, dera lathu la mu Leicester, ndani winanso ali ndi mavoti khumi ndi awiri m'thumba?

Nabanda akuti, "Inu abambo, bwanji osangondigulira ambulera yaikulu?" Maganizo a munthu wosadziwa mphamvu zake.

Khadi lake lovotera linabwera pa positi. Langa silinafike. Mwina a atsogoleri amatumiza padera.

Pa nkhani za madzulo akuti nduna yaikulu ichoka pampando posachedwa. Yokha, popanda asilikali, popanda kusintha malamulo kuti iwonjezere nthawi. Wosunga chuma, amene amakhala nyumba yoyandikana nayo, wadikira mpandowo zaka khumi akumwetulira mokakamiza. Kwathu munthu wodikira mpando moonekera chonchi bwenzi ali kunja kwa dziko kalekale.

Lachiwiri

Kandideti wabwera pakhomo. Yekha! Pa njinga yakapalasa, buluku atalipana ndi kachitsulo pa akakolo. Palibe mdipiti wa galimoto, palibe amayi ovina, palibe womunyamulira chikwama. Poyamba ndimayesa wowerenga mita ya gasi.

Ndi wa chipani cha achikasu. Mtundu umenewu ndinauvalapo kale kwathu, ndiye sindikuyambira pansi. Dzina lake ndi lalitali, ndizingomutchula Wanjinga.

Ndamulowetsa m'nyumba. Wadabwa, zikuoneka kuti kuno anthu amawalankhulira pakhomo ngati ogulitsa mawindo. Nabanda wamupatsa tiyi ndi masikono awiri. Wadya onse awiri. Chizindikiro chabwino: munthu amene wadya zako.

Ndamuuza mosazungulira: mavoti khumi ndi awiri, denga limodzi. Watulutsa kabuku, walemba, wati nkhani ya denga ndi yofunika ndipo aiona. Analemba! Ndaona ndi maso anga, mizere iwiri.

Ndafunsa za nsalu za amayi ndi malaya a anyamata. Sanamve. Ndafotokoza. Wafiira makutu, wandipatsa pepala lokhala ndi nkhope yake loti ndimate pawindo. Dziko lolemera chonchi! Kwathu nkhope ya kandideti amayi amaivala m'chiuno n'kumaikhalira tsiku lonse, kuno amaipatsa ulemu wa pawindo. Ndamata.

Madzulo ndapita kwa anyamata a ku yunivesite kukawauza wa kumuchonga. Nyumba ikununkha nsapato. Wamkulu wawo akuti, "Ankolo, ife sitinalembetse. Tili ndi ma asayimenti." Wina amaphunzira za ndale zenizenizo, chaka chachitatu, ndipo wandifunsa kuti chisankhocho chili liti.

Atsala asanu ndi atatu. Palibe vuto. Ophunzira ndi anthu osadalirika pa dziko lonse, ndi bwino ndawadziwa msanga. Gulu laling'ono limayenda mwachangu.

Lachitatu

Nthawi ya nkhomaliro kuntchito, ku weyahausi yosungira katundu, ndaonera nyumba ya malamulo pa wailesi ya kanema ya m'kantini. Amuna akuluakulu a mataye akukuwizana ngati oitanira minibasi pa depoti, koma aliyense akutchula mnzake wolemekezeka. Ndaikonda njira imeneyi. Munthu umamutukwana bwinobwino ulemu uli pomwepo.

Maganizo anga pa nkhani za sabata ino, poti palibe wondifunsa:

Zoletsa kusuta fodya m'mabala: ndikugwirizana nazo. Asute panja pamvula, adziwe mmene Nabanda amamvera.

Zitupa zoti aliyense aziyenda nazo: Angelezi akwiya, akuti ufulu wawo. Ife amene timasunga envelopu ya mapepala pansi pa matiresi ngati mwana wakhanda tikungowayang'ana.

Nkhondo ya ku Iraq: ndinalemba kale kalata yaitali pa nkhaniyi. Sindikukumbukira kumene ndinaiika.

Nditaweruka ndadutsira kwa a Mwale. Andilandira bwino, andipempherera, kenako akuti, "Imwe a Malawi, ise tinavota kudala, pa positi." Onse atatu, masabata awiri apitawo, ndipo anachonga a chipani cha ofiira. Kuvota pa positi! Munthu kuponya voti atavala pijama, popanda mzere, popanda dzuwa, ngati akulipira laisensi ya wailesi. Voti yotere imawerengedwa chimodzimodzi ndi yanga?

Atsala asanu.

Mai Moyo ndawaimbira foni. Amvetsera mpaka ndamaliza. "Achimwene, pepala lovotera lili ndi nambala kumbuyo. Ngati n'zachinsinsi, nambalayo ndi ya chiyani? Ine ndinathawa zimenezi kwathu, musandiyambitsenso." Ndawauza kuti kuno palibe amene amabwera kudzagogoda. Akuti kwawonso poyamba ankatero. Pamenepa sindinaseke. Mng'ono wawo amachita zimene iwo anena.

Atsala atatu: ine, Nabanda, a Yusufu. Koma atatu olimba! Wanjinga sakudziwa, ndipo palibe chifukwa chomusokonezera mutu usiku wa chisankho.

Nabanda akumwa madzi a mandimu ndi uchi. Sanafunse kuti tatsala angati. Amawerenga pa nkhope.

Lachinayi

Tsiku lalikulu! Ndapempha tchuthi kuntchito. Abwana amayesa kuli maliro.

Ndadzuka folo koloko. Ndanyamula:
mpando wopinda,
fulasiki ya tiyi,
buledi,
pasipoti, chitupa cha ukwati, kalata ya kuntchito,
jekete ziwiri.

Malo ovotera ndi holo ya pasukulu. Ndafika faifi. Woyamba pa mzere! Hafu pasiti sikisi ndidakali woyamba, komanso womaliza. Seveni koloko kwabwera mkulu wina ndi galu. Wandifunsa ngati ndili ndi kogona.

Atsegula. Mayi wa patebulo sanafune kuona pasipoti, wangofunsa dzina ndi adiresi. Wayendetsa rula pa kaundula kutsika, wayendetsanso kukwera. Nabanda alimo. Ine mulibe.

Ndatsala pang'ono kufuula kuti abera. Mawu anali kale pakhosi. Mayiyo wafunsa mwaulemu ngati tinasamuka chaka chino. Tinasamuka, mu Febuluwale, kuchokera ku Beaumont Leys. Wafunsa ngati ndinalemba fomu yosinthira adiresi.

Fomu. Nabanda anabweretsa mafomu awiri. Yake analemba tsiku lomwelo n'kutumiza. Yanga ndinati ndilemba bwinobwino ndikapeza mpata. Tsopano ndakumbukira kumene kuli kalata yanga ya Iraq: ndinailemba kuseri kwa fomuyo.

Aimba foni. Dzina langa lidakali ku Beaumont Leys, ndipo ndikhoza kukavotera kumeneko. Ndiye kuti boma likundidziwa! Mabasi awiri, mpando wopinda uli m'khwapa.

Kumeneko pa pepala palibe Wanjinga, ndi dera lina. Mayina onse achilendo. Ndaima m'kachipinda nthawi yaitali, kenako ndachonga mayi wina chifukwa dzina lake likufanana ndi la sisitere amene ankatiphunzitsa masamu ku sekondale. Anali munthu wachilungamo.

Pensulo! Dziko limene linalamulira theka la dziko lapansi limavota ndi pensulo yomangirira pa chingwe kuti isabedwe. Ndipo chala saviika mu inki. Munthu utuluka ngati sunachite kanthu. Pa basi ndadzipaka ndekha bolopeni pa chikhadabo.

Pobwerera ndalowa m'butchala. A Yusufu akudula nthiti, akuseka. "Achimwene, mukanandifunsa bwino. Msuweni wanga akuimira ofiira dera lomwe lino. Ndingavotere wa njinga ndikadye kuti?" Andiwonjezera kachidutswa ka chiwindi.

Watsala Nabanda. Wavota pochokera ku shifiti, mphindi zitatu, osavula n'komwe yunifolomu. Ndamufunsa. Akuti voti ndi yachinsinsi.

Komabe ndavota ku Mangalande. Agogo anga ankavulira chipewa bwanamkubwa akadutsa pa galimoto. Ine lero ndasankha wowalamulira adzukulu ake.

Lachisanu

Zotsatira zatuluka. Kandideti wanga wapambana!

Ndikunena mayi wa ku Beaumont Leys. Kuvota kamodzi kokha, kulasa pomwepo. Diso la ndale munthu umabadwa nalo.

Wanjinga wagwa. Dera lathu latengedwa ndi msuweni wa a Yusufu. Akuti Wanjinga anamugwira chanza wopambanayo n'kukwera njinga yake kupita kwawo. Palibe zopita kukhoti, palibe zotentha matayala. Munthu wotereyu akanatha kulimbana ndi ndani kuti tipeze denga? Mwina Mulungu watipulumutsa.

Ndatuluka kukaona chisangalalo mumsewu. Anthu akugula anyezi. Galimoto imodzi yaimba hutala, koma inali kuimbira basi.

Pepala la pawindo ndayesa kulimatula. Ndinagwiritsa ntchito guluu wa kuntchito. Chachoka ndi chipumi chokha.

Kuntchito ndaonetsa anzanga chala. Mnyamata wa ku Poland akuti ndipite nacho kwa dokotala.

Nabanda watsokomola m'bandakucha wonse.

Loweruka

Ndaimbira khansala wanga wa ku Beaumont Leys. Nambala ili poyera, ndipo wayankha yekha, kumbuyo kukumveka makina ochapira. Ndadzidziwitsa kuti ndine mmodzi wa amene anamuika pampando. Wathokoza kwambiri. Wafunsa kuti siteji ili msewu uti. Ndamuuza. Akuti pepani, kumeneko si dera lake. Wawonjezera kuti siteji ya pafupi ndi nyumba yathu yakale ili ndi denga labwino, ndi benchi lomwe. Ndikudziwa. Ndinakhalapo zaka zitatu osaliona.

Ndale ndi kusinthasintha. Ndavala jekete, ndapita kubutchala. Msuweni uja ali pomwepo, anthu akumugwira chanza pakati pa nkhuku ndi nyama ya mbuzi. A Yusufu andionetsa kwa iye. Iye akuti, "Ndikukudziwani, ndinu a nyumba ya pepala lachikasu pawindo." Ndati linamatidwa ndi alendi akale.

Wamvetsera nkhani ya denga. Sanalembe. Akuti pakufunika pepala la mayina a anthu okhala m'deralo amene akulifuna, lipite kukomiti, komiti ikambirane ndi a mabasi, kenako aone ngati msewu uli ndi malo. Ndafunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Wayang'ana kudenga la butchala.

Mayina a anthu okhala m'deralo, olembedwa m'kaundula. Ndiye kuti langa silingakhalepo.

Madzulo Nabanda waulula yekha akusita yunifolomu. Anavotera msuweni wa a Yusufu. "Tsiku lina mvula ikugwa anaimitsa vani yake pa siteji n'kundiperekeza mpaka kuntchito. Wanjinga wanuyo akanandikweza pati?"

Choncho m'nyumba muno tonse awiri tinavotera opambana. Ndi nyumba zingati mu Leicester zinganene zimenezi?

Lamulungu

Mvula. Nabanda ali pa shifiti ya m'mawa.

Dzulo ndisanabwere kunyumba ndinalowa mu shopu ya zamasewera. Ndinagula ambulera ija amagwiritsa ntchito osewera gofu, yaikulu ngati denga la khonde, ya mizere yofiira, yabuluu ndi yachikasu. Zipani zonse zilimo. Ndinaibisa kuseri kwa chitseko.

Nabanda waiona, wandiyang'ana, sananene kuti ndinakuuzani Lolemba. Wangoyesa kuinyamula. Mphepo ya mumsewu wathu yatsala pang'ono kupita naye ku Nottingham. Ndiye wonyamula ndine.

Taima pa siteji. Basi ya Lamulungu imachedwa. Kwabwera Mai Moyo, nawonso a shifiti, alowa pansi pa ambulera osapempha. Kwabwera mng'ono wawo. Kwabwera mmodzi wa anyamata a ku yunivesite, wa zandale uja, akuchokera kumene akuchokera: "Ankolo, sunthani pang'ono." Kenako mkulu wa galu uja, ndi galu yemwe.

Anthu asanu ouma. Ine dzanja lili m'mwamba, madzi akutsikira m'khosi mpaka kumsana.

Basi itafika Nabanda wandikonza kolala, akuti, "Mawa kota tu sikisi, a khansala. Musachedwe."

Fomu ndaipeza pansi pa wailesi ya kanema. Kalata ya Iraq ndi yabwino ndithu, ndiikopera pena ndisanatumize fomuyo. Chisankho china cha makhansala chili zaka zinayi kutsogolo. Mpaka nthawi imeneyo, siteji ya pakona ili ndi denga. Limadzuka faifi koloko, ndipo layamba kutsokomola.