Galu atakana kubweza dzina

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, kupatula mwana wanga. Amene analipo tsiku limenelo akuidziwa, ndipo ena amaikambabe akafuna kuseketsana, koma iwo anaona mathero okha. Chiyambi chake ndakhala nacho ndekha, chifukwa n'kovuta kuti munthu wa imvi avomere kuti anagonja kwa galu.

Ndinabwera ku Joni ndili mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Springs. Kwathu ku Dedza ndinasiya mkazi ali ndi pakati, nditamuuza kuti ndibwera mvula ikayamba. Mvula inayamba, inatha, inayambanso, ine osabwera. Mwana anabadwa, anakula mpaka kukwatiwa ndisanamuonepo. Ndinali mtchona weniweni, ndipo sindingapezepo mawu okometsera.

Mwana ameneyo ndi Esnati. Ndinamuona koyamba m'zaka za m'ma 1990, mfuti zitangoleka kulira ku Thokoza, komboni imene ndinkakhalamo, atabwera ndi mwamuna wake, a Mbewe, mmisiri womanga nyumba. Amake anali atamwalira kale. Anapeza chipinda cha lendi kufupi ndi kumene ndinkakhala. Ulemu ankandipatsa ndithu, kugwada, kundithirira madzi m'manja, koma unali ulemu umene timapatsa mlendo amene tikudziwa kuti achoka.

Nthawi imeneyo migodi inali itandilavula, ndipo ndinali mlonda wa masana pabwalo logulitsa matabwa ku Alrode. Ndinalinso nditangophunzira kuwerenga. Loweruka lililonse masana ndinkakhala pabenchi ya ku tchalitchi pakati pa amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, tonse tikuimba a, e, i, o, u (iwo ankandiposa, ndipo sankabisa). Buku loyamba limene ndinamaliza ndekha ndinalitola m'bini ya ku ofesi. Linalibe chikuto, Chingerezi chake chinali chosavuta, ndipo pamene Chingerezi chandikanika zithunzi zinkandithandiza. Linkanena za woyendetsa sitima ya pamadzi, dzina lake Dalimondo, amene anasochera panyanja zaka zambirimbiri. Tsiku limene anabwerera, mudzi wonse unakamuchingamira padoko, ndipo panalibe amene anamufunsa kuti anali kuti. Mukhoza kuona nokha chimene chinandikoka.

Dzinali linandikhala pakamwa. Ndinkalitchula popita kuntchito, ndinkalitchula posamba. Koma dzina lokoma limafuna wolivomera. Pabwalo la matabwa panali kagalu kongoyendayenda, kofiirira, khutu limodzi long'ambika, nthiti zonse poyera. Tsiku lina ndinakaponyera nyenyeswa za buledi n'kunena kuti, "Dalimondo." Kanagwedeza mchira. Mwezi usanathe, ndikangonong'ona dzinalo, kankatulukira kuseri kwa matabwa kakuthamanga ngati kamva belu la chakudya. Kanayamba kunditsatira kunyumba n'kumagona pakhomo. Kumeneko ndinkachita manyazi, choncho ndinkangokaitana kuti "iwe", ndipo anthu ankangoti ndi galu wa madala.

Kenako Esnati anachira, mwana wamwamuna. A Mbewe anabwera kwanga madzulo, chipewa chili m'manja.

"Apongozi, makolo anga ali kutali. Dzina la mwanayu akuti mupereke ndinu."

"Akutero ndani?"

"Amake mwana eni ake. Ine ndinaganiza za mkulu wa mpingo, koma iwo akuti agogo ake alipo."

Ndinayang'ana pansi nthawi yaitali, ngati ndataya singano. Munthu amene sindinamupatse ngakhale sopo ali khanda ankandipatsa mdzukulu kuti ndimutche dzina pamaso pa mpingo wonse. Ndinadziwa kuti khomo limeneli latseguka kamodzi, ndipo ndikalakwitsa silidzatsegukanso.

Ndinafunafuna dzina. La bambo anga sindikanatha kulitchula, popeza maliro awo sindinawaike. Chinthu chokhacho chabwino chimene ndinachipeza ndi thukuta langa muukalamba chinali Dalimondo. Vuto linali limodzi: ndinali nditapatsa kale galu. Koma ndinadziuza kuti dzina lili ngati jekete. Ukabwereka mnzako, ukhoza kukalitenganso tsiku la ukwati likafika.

Ndinakhazika galuyo pansi kuseri kwa matabwa n'kumufotokozera bwinobwino. Ndinayamba m'Chichewa, kenako m'Chifanakalo, chinenero chimene akapitawo ankatilamulira nacho mumgodi (ndinkaganiza kuti galu wa ku Joni amva msanga). Ndinamuuza kuti kuyambira lero dzina lake ndi Mudzatopa. Kwathu mayina a agalu amakhala otero, ndipo limeneli ndi limene linandibwerera m'mutu. Galu anandinyambita dzanja. Ndinaona ngati tagwirizana.

M'mawa mwake ndinaima pakhomo, buledi ali m'manja, ndikuitana, "Mudzatopa, Mudzatopa." Galu anagona chigonere. Amene anatuluka ndi amayi Tembo, mayi wa ku Chipata wa chipinda choyandikana ndi changa, amene ankagulitsa magwinya, zitumbuwa zija za ufa wa tirigu. Tinali titakanganapo za chingwe choyanikapo zovala.

"Madala, ni ndani azatopa?"

"Ndikuitana galu, amayi."

"Galu uyu wankhala pano miyezi alibe zina. Lelo takangana, mwamupasa zina? Ngati muli na nkhani na ine kambani, musapitile mu galu. Na ise ku Chipata tiyaziba maina ya agalu."

Ndinalumbira kuti sizikuwakhudza, koma sanandikhulupirire. Madzulo omwewo mphaka wawo, amenenso analibe dzina chibadwire, anapatsidwa lake. Anaima pakati pa bwalo ndi mbale ya mkaka, maso ali pakhomo panga, n'kumaitana mokoka mawu: "Imvisinzeru, bwela udye."

Ndinapirira. Ndinayamba kumana galu buledi pokhapokha avomere dzina latsopano. Iye ankangokhala n'kumandiyang'ana, mutu atapendeka, ngati akumvera chisoni munthu wodwala. Masiku angapo atapita ndinaona ngati wayamba kutembenuka ndikati Mudzatopa (tsopano ndikudziwa kuti ankatembenukira buledi). Ndiye ndinamuyesa. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa matabwa n'kunong'ona pang'ono zedi, "Dalimondo." Ndisanatseke pakamwa anali atandiponda kale pamapazi.

Munthu wanzeru akanasiya pomwepo n'kufuna dzina lina. Ine ndinagula chingwe. Loweruka madzulo ndinamangirira galu pamtengo wa mpanda kuntchito, ndipo ndinapatsa fodya mlonda wa Lamlungu, Msutu wina waulesi, kuti amuyang'anire. Ndinaganiza kuti dzina likangokhazikika pa mwana, za galu ndidzaziona pambuyo.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, anthu anadzaza bwalo la a Mbewe. Amalawi a ku Thokoza, ena ochokera ku Katlehong, amayi a chigwirizano ndi nsalu zawo, tiyi m'ketulo yaikulu, masikono pathebulo. Amayi Tembo analiponso, popeza magwinya anaphika ndi iwo. Ine ndinavala suti yanga ya masiku a mgodi, imene inkanunkha mankhwala a njenjete. Mkulu wa mpingo anapemphera, kenako Esnati anagwada n'kundiika mwana m'manja. Anali wopepuka moti ndinaopa kupuma.

Mawu onse amene ndinakonza anathawa. Ndinangoti, "Mwanayu ndi Dalimondo."

Mkulu wa mpingo anali wogontha khutu limodzi. "Mwati ndani, achimwene?"

"Dalimondo."

"La m'Baibulo?"

"La m'buku."

Anagwedeza mutu mwaulemu, ngati kuti buku lililonse ndi m'bale wake wa Baibulo, n'kutembenukira kwa anthu. Anali ndi mawu olalikira popanda chokuzira. "Abale, mwana wathu dzina lake ndi Dalimondo." Amayi anaimba nthungululu, ndipo ena anayamba kuliyeseza pakamwa, Dalimondo, Dalimondo. Ndinayang'ana Esnati. Milomo yake inkaliyesezanso, ndipo nkhope yake sinali yokana. Mtima wanga unakhala pansi.

Pomwepo ndinamva chitseko cha mpanda chikugunda. Galu analowa ngati mphepo, chidutswa cha chingwe chikukwekwereka kumbuyo. Anadutsa pansi pa thebulo, chingwe chinakola mwendo wake, masikono onse mufumbi. Anakaima pamaso pa mkulu wa mpingo n'kukhala pansi, mchira ukusesa, kudikira buledi kwa munthu amene wamuitana mokweza chotero. Zikuoneka kuti anadula chingwe ndi mano, n'kunditsatira ndi fungo, ndipo nthawi yonseyo anali atagona panja pa mpanda.

Apabe ndikanapulumuka, popeza galu amalowa paliponse pamene pali chakudya. Koma ndinatsegula pakamwa.

"Mudzatopa, choka. Mudzatopa, tiye kunja."

Galu sanandiyang'ane n'komwe. Amayi Tembo ndi amene anandiyang'ana. Anayang'ana ine, anayang'ana galu, anaika beseni la magwinya pansi pang'onopang'ono. Kenako anapita kumapeto kwa bwalo, n'kunena ndi mawu ofatsa, "Dalimondo." Galu anathamangira komweko. Anasamukira mbali ina n'kubwerezanso. Galu anawatsata.

"Ehe," anatero. "Ndiye zina yake yeniyeni iyi. Ija ina inali yanga."

Anthu anayamba kuseka, koma kusekako kunazima msanga atayamba kuzindikira tanthauzo lake. Kwathu kunena munthu kuti galu ndi chipongwe chokafika nacho pabwalo, nanga kutenga dzina pa galu n'kuika pa khanda? A Mbewe anayang'ana nsapato zawo. Mkulu wa mpingo anatsokomola n'kuyambitsa nyimbo, koma palibe amene anaivomera. Esnati anadzuka, anabwera, anandichotsa mwana m'manja mosakalipa, n'kulowa m'nyumba. Chitseko anatseka bwinobwino. Bola akanachimenyetsa.

Ndinabwerera kunyumba ndekha, kupatula galu, amene ankadumphadumpha patsogolo panga ngati tachokera kopambana mpira. Ndinatulutsa chikwama pansi pa bedi. Ku Springs ndinali ndi anzanga akale, ndipo ntchito ya ulonda sisowa. Ndinapinda malaya, ndinapinda buluku. Ndikupinda suti ija ndinaona kuti manja anga akuidziwa bwino ntchito imeneyi, kuposa ntchito ina iliyonse imene ndinagwirapo. Ndinachita nawo manyazi, ndipo ndinakankhira chikwama pansi pa bedi.

Kutacha sindinapite kuntchito. Ndinapita kwa Esnati. Ndinamupeza pampopi akuchapa matewera, a Mbewe atapita kale kokamanga. Anandipatsa moni osasiya kuchapa. Ndinakhala pa njerwa n'kumufotokozera zonse: benchi ya ku tchalitchi, buku la m'bini, woyendetsa sitima amene anabwera mochedwa koma anthu anamulandira. Sindinawonjezepo kanthu, ndipo iye sanandithandize.

"Ndiye dzina lokomalo munayamba mwapatsa galu," anatero.

"Ndinalibe wina womupatsa, mayi."

Anafinya thewera, analikung'untha, analiyanika. Anatenga lina. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

"Mwana wagona wopanda dzina," anatero kenako. "Tchulani lina. Bambo ake ndikamba nawo ndine. Koma muyambe mwakaliitana pamsewu, tione chimene chibwere."

Ndinayang'ana nkhope yake kuti ndione ngati akuseka. Sindinathe kudziwa. Ndinatuluka n'kukaima pakati pa msewu, anthu akuthamangira mateksi, ana akupita kusukulu. Ndinaganiza zoyamba ndi dzina lopanda ngozi.

"Yohane."

"Kwezani mawu, bambo, dzulo munali ndi wokuthandizani."

"Yohane!"

Zenera la tsidya linatseguka, ndipo munthu wa sopo kumaso anasuzumira. "Ndani akundifuna?"

Ndinapepesa. Ndinayesa Petulo, ndipo anavomera awiri, wina Mzambia, wina Mshangani. Mayi wogulitsa zipatso pakona anali atasiya kale malonda n'kumandionerera. Ndinapukuta thukuta, ndinakoka mpweya, ndinaitana, "Losiyano!"

Msewu unangoti zii. Zenera silinatseguke, munthu sanatembenuke. Galu wanga, amene anali atagona m'ngalande, sanadzutse ngakhale khutu lake long'ambika lija.

Esnati anali ataima pachipata, manja akudontha madzi. "Limenelo mwalitenga kuti?"

"M'buku lomwe lija. Ndi wophika wa m'sitima."

"Bambo, inu simumva."

Anapukuta manja pansalu n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mwana, anandiika m'manja pomwepo pachipata, n'kukonza kachipewa kake.

"Muuzeni nokha," anatero.

Ndinawerama n'kumunong'oneza dzina lake latsopanolo kukhutu.