Udzu wa ku Joni ndi Mchenga Wakuda

Achemwali anga a Mariamu atha miyezi inayi osandipatsa moni, ndipo sindingawadzudzule. Ndati ndiulule ndekha zomwe zinachitika, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa kudooko imandiipitsa kuposa mmene ndilili (ngakhale kuti kusiyana kwake n'kochepa).

Zamatipatizi zitangoyamba, anthu ambiri amene anakhalitsa kunja anayamba kubwerera kumudzi. Amalume athu a Saidi anafika kwathu kwa Mwadzama kuchokera ku Joni ndi sutikesi imodzi komanso chimpukutu chachitali chimene tinanyamula anthu atatu kuchokera kumsewu. Atachitambasula pabwalo tinaona udzu wobiriwira biriwiri, wofanana msinkhu ngati wometedwa ndi lumo, koma wapulasitiki, wosokerera pa chinsalu cha labala. Mbuzi ya oyandikana nawo inaunyambita kamodzi n'kuchoka itakhumudwa.

"Uwu ndi udzu wa mabwana," anatero amalume. "Sufuna madzi, sufuna chikwakwa. Umangofuna kanthu kothira m'kati mwa timasambati kuti tiime njo, usamatenthe, komanso dzuwa lisausulutse."

Mayi anati tithiremo mankhusu a mpunga popeza ali mbwee kuchigayo. Amalume anati nkhuku zidzapalasa. Wina anatchula utuchi, iwo anati chiswe. Pomaliza anagamula kuti pafunika mchenga woyera, wosefa bwino, ndipo wokatuta ndi ine, "Fomu Thuu wopanda ntchitoyu."

Dzina limeneli ankanditcha tsiku lililonse, ngakhale pamaso pa atsikana a pachitsime. Ankakondanso kudzitama kuti ku Joni ankayenda pa udzu wotere masana opanda nsapato, mapazi akumva ngati aponda ufa. Ndiye maganizo anandibwerera okha, sindinawaitane. Kusukulu aphunzitsi a sayansi anali atatiikira zitini ziwiri zamadzi padzuwa, choyera ndi chakuda, ndipo chakudacho chinatentha moti sunali kuchigwira. Kudooko kwathu kuli mizere ya mchenga wakuda, wonyezimira, wolemera, umene ngakhale asodzi a mapazi ouma amaudumpha masana. Ndinkangofuna kuona amalume akuvina kamphindi kamodzi basi.

"Malume," ndinatero nditapinda manja kumbuyo, "tinaphunzira kuti mchenga woyera umabweza dzuwa n'kulimenyetsa pa udzu, ndiye udzu umasuluka msanga. Wakuda ndi umene umasunga mtundu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mayi. "Mwamva, alongo? Sukulu imeneyo. Ineyo ndinkadziwa, ndimangomuyesa."

Ndinatuta zidebe zisanu ndi zitatu, n'kuulowetsa mchengawo ndi tsache mpaka pansi. Zoona zake, udzuwo unaoneka wobiriwira kwambiri kuposa kale, moti nanenso ndinayamba kuzikhulupirira. Koma amalume anachita zimene sindinaziganizire. Anaufunditsa masaka n'kutsinjiza miyala, n'kulamula kuti munthu asapondepo kufikira Loweruka, tsiku loti akuchimuna abwere kudzaonekera za ukwati wa achemwali.

Achemwali anali atapeza mwamuna wabwino, a Yotamu, oyendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Kwawo n'kumpoto, ndipo azakhali awo anali kale ndi chikaiko ndi banja lathu. Achemwali anadikira tsikuli zaka ziwiri.

Loweruka lija, m'mwezi wa Okutobala, amalume anachotsa masaka m'mawa. Anakana kuusunthira udzuwo pansi pa mtengo wa mango, ati mbalame ziuipitsa komanso odutsa sauona. Alendo amayenera kufika 9 koloko, koma minibasi yawo inaphulika tayala, ndiye anafika dzuwa lili paliwombo. Ndinali ndi maola anayi oti ndilankhule (ndawawerenga kambirimbiri). Sindinalankhule, chifukwa ndinali ndikudikirabe kuti amalume avule nsapato. Iwo anali atavala nsapato zoyera za ku Joni, zokhuthala pansi ngati matayala a lole.

Nkhoswe ya akuchimuna, a Longwe, bambo wachikulire waulemu wake, ataona chinthu chokongola chotere anavula nsapato ndi sokosi zomwe. Onse anatsatira. A Longwe anaponda, nkhope yawo inagwedezeka pang'ono, koma anayenda mpaka pampando ngati munthu wonyamula mazira. Azakhali anakhala pansi atatambalala.

Inu mukudziwa moni wa pa zoterezi, kuti aliyense amalonjeredwa payekha, mofatsa.

"Mwayenda bwanji, a Longwe?" anayamba amalume.

"Tayenda makola, bwino ndithu," anayankha atakweza phazi lamanja. Atalitsitsa anakweza lamanzere.

"Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kunyumba n'kozizira bwino."

Amalume sanaone kanthu. Anayamba kufotokoza mbiri ya udzuwo, kuyambira kusitolo yake mpaka pachipata cha dziko. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe nditaluma kolala ya malaya.

Kenako achemwali anatuluka ndi beseni la madzi osamba m'manja, n'kugwada pamaso pa alendo, maondo ali pa udzuwo. Apa kuseka kunandithera. Mwambo sunawalole kudzuka asanathe kulonjera onse, ndipo alendo anali asanu. Pofika kwa wachitatu misozi inali ikutsikira m'beseni.

"Mwanayu akuliriranji?" anafunsa azakhali. "Mukumukakamiza?"

"Ndi manyazi chabe," anatero amalume.

Nthawi yomweyo kutentha kunamaliza kudutsa zitenje ziwiri za azakhali. Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu, akudzipatsa mphepo kumbuyo ndi dzanja.

"Pano pali mankhwala! Ndinanena ine! Yotamu, atitchera, tiye!"

A Longwe, ulemu wonse utawathera, analanda beseni kwa achemwali n'kuviikamo mapazi onse awiri. Kenako onse anatola nsapato m'manja n'kulunjika kumsewu, a Yotamu akucheuka ngati mwana wa ng'ombe wopita kumsika. Achemwali anakhala pakhonde atagwira maondo otuwa matuza. Sanakuwe, anangoti, "Basi, zatha," motsitsa mawu.

Mayi anabwera molunjika kuseri kwa nkhokwe. Sanafunse chilichonse. Anandigwira khutu n'kunena kuti, "Sindikudziwa chimene wachita, koma ukawabweze. Akakwera minibasi, nawenso ukwere ya kwina."

Ndinatapa mchenga wakuda pa udzu paja ndi chivindikiro cha poto, wina woyera ndinautapa pabwalo, n'kuthamanga. Ndinawapeza pamthunzi wa m'mbali mwa msewu. Ndinagwada (pamalo ozizira, ndivomereze) n'kufotokoza zonse, zitini za kusukulu, dzina la Fomu Thuu, ndi kuti ndimafuna mapazi a amalume okha. A Longwe anagwira mchenga woyera, kenako wakuda, n'kuchotsa chala msanga.

"Uli Fomu chani, mnyamata iwe?"

"Fomu Thuu, bambo."

"Ukadzafika Fomu Folo udzatiuziretu, tidzasamuke."

Anabwerera, ndipo nkhani inakambidwa pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ngati mmene anthu amachitira. Koma azakhali anaika mfundo yawo. Ukwati umene umayenera kuchitika mvula isanagwe anausunthira kukakolola mpunga, ati aone kaye ngati misala ya mnyamatayu ili m'banja lonse. Achemwali anayenda motsimphina sabata ziwiri, ndipo zipsera ziwiri zozungulira zikadalipo pa maondo awo. Izi ndi zimene zimandiwawa, sindikunama. Iwo ndi amene ankandibisira kampunga amalume akandimana.

Chilango changa chinali kukutumula mchenga wonse, kukachapa udzu kunyanja, n'kukatuta woyera wosefa bwino kudooko, maulendo khumi ndi umodzi. Woyerawo unathandizadi, udzu umangofunda pang'ono, koma unali utawonongeka kale. Nsonga zake zinapiringizika, ndipo pakati panasuluka n'kusanduka mtundu wa usipa wouma. Pano mayi amayanikapo chinangwa.

Aphunzitsi a madrasa anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati ndalapa. Ndinayankha kuti inde, ndipo mbali yaikulu zinali zoona. Munthu usamatchere msampha pamalo podutsa abale ako, chifukwa umagwira amene amakukonda n'kusiya amene umamufuna. Koma ndikakhala pandekha n'kumaiganiza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, cholakwa chachikulu chimene ndimachipeza n'chakuti m'mawa wa Loweruka lija nsapato zoyera za amalume zinali pakhonde zikuuma polishi, popanda woziyang'anira, ndipo ine ndinadutsa pomwepo kawiri osazibisa.