Kumpoto Nkoletsedwa

Lolemba

Sabata ino ndikuupeza basi! Mlalang'amba wina, wakutali, dzina lake Andiromeda. Bukhu limene mzungu wa sayansi anasiya pasukulu pano likuti mwezi uno umaoneka kumpoto, pamwamba pa mapiri.

Zida zanga: magalasi oonera patali a mzungu yemweyo, mapu a nyenyezi okopera pamanja, tochi yofuna kumenyedwa kaye kuti iyake.

Chachikulu: ndamuuza NyaKumwenda, namwino wapachipatala, kuti Loweruka ndimuonetsa. Akadzati "Mayo, kukongola!" pomwepo ndidzamufunsira. Chaka chonse muno m'Hewe, ine mphunzitsi, mwana wa ku Dedza, mawu amangothera pakhosi.

Iye wangoti m'Chitumbuka chake, "Yewo chomene, asambizgi. Koma kukhale koona nadi."

Lachiwiri

Utsi. Dambo lonse alitentha osaka mbewa. Kumwamba kuli mbuu ngati m'chigafa cha fodya. Ndikuona kuwala kofiira, ndikulemba kuti NDAUPEZA. Ndi moto wa paphiri.

Udzudzu wadya bwino lero.

Lachitatu

Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndakwera pachulu kuseri kwa sukulu. Nyenyezi zinayi zija za pamapu nazo, ngati ngodya za tebulo. Kutsika pang'ono, kambuu kooneka bwinobwino! Ndikuvina ndekha pachulu.

Ndikatembenukira kumanzere, mlalang'amba ukunditsata. Ndikaloza nyumba ya ahedi, mlalang'amba uli padenga la ahedi.

Ndi nguwi m'galasi. Khosi lauma. Linthumbu lalowa m'thalauza.

Lachinayi

Alendo pachulu: anyamata atatu a chipani, wamkulu wawo Jowasi, amene analephera Sitandade 6 kawiri m'manja mwanga.

"Mukupenja vichi kumpoto usiku, asambizgi?"

Khadi la chipani ndawaonetsa. Sikukwanira. Akuti kumpoto nkumene zinathawira zigawenga. Tochi yanga ija yoyaka nkuzima, akuti ndikupereka zizindikiro. Mapu aja a timadontho ndi timizere, akuti ndi misasa ya adani.

Atenga zonse. Ena anapita chomwechi ndipo sitiwatchulanso.

Lachisanu

Kwa a Tcheyamani a nthambi, pansi pa mtengo wa mango. Ine chilili ngati mwana wochedwa kusukulu. Mafunso awo:

Andiromeda ameneyu kwawo nkuti? Ndi wa kwa mfumu yani?
Kumeneko kuli anthu?
Ngati aliko, makhadi anagula?

Ndikufotokoza kuti kuwala kwake kunanyamuka kalekale, anthu asanayambe kulima. Akuti, "Ndiye nza nthawi ya atsamunda zimenezo. Zinatha."

Ayang'ana m'magalasi chozondotsa, andiona ndili kamunthu kakang'ono kutali, aseka mpaka kutsokomola. Mwina nchimene chandipulumutsa.

Chigamulo: kum'mawa ndingayang'ane, kumadzulo ndingayang'ane, kumwera ndiye bwino kwambiri chifukwa nkumene kuli boma. Kumpoto ayi. Magalasi atsala, akufufuzidwa.

Ndathokoza. Ndawomba m'manja, ine mphunzitsi wa satifiketi!

Loweruka

NyaKumwenda wabwera. Diresi yosita, fungo la sopo wa m'sitolo. Ine manja lende, wopanda magalasi, wopanda mapu, wopanda kumpoto.

Ndikumuonetsa kumwera ndi chala. Utsi. Ndikuti, "Tangoganizani kuti kumbuyo kwathuku, kumene sitikuyang'anako..."

"Mwandiyitanira kuganiza?"

Mawu aja afika pakhosi. Ndikutsegula pakamwa, bingu likundiyankhira. Chizimalupsa! Mvula yoyamba yasankha lero, chaka chonsechi.

Ndipo uyo Jowasi, ambulera m'manja, magalasi anga ali lende pachifuwa ngati bwana DC. Akuti kafukufuku akupitirira. Akuti, "Asisita, tiyeni nikuperekezeni, munganyowe chomene."

Apita. Ambulera imodzi, anthu awiri. Ndanyowa mpaka m'thumba. Zandiwawa, ndipo sindikufuna kuseka.

Lamulungu

Kutchalitchi NyaKumwenda wandipatsa moni wa odwala. Jowasi wakhala kumbuyo, akuwerenga manambala a nyimbo pabolodi ndi magalasi anga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake waona zolembedwa pabolodi.

Madzulo m'mimba mwavuta, nkhungudzu za dzulo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma chitseko palibe: mphepo ya mvula ya dzulo ija yachotsa ndi denga lomwe la chimbudzi cha aphunzitsi.

Ndanjuta. Mvula yatsuka kumwamba konse, nyenyezi zili waa. Ndipo apo, pamwamba pa phiri, popanda galasi lililonse: kambuu kakang'ono, ngati pamene mwana wafufuta choko ndi chala.

Ndatembenuza mutu kumanzere. Sikanditsate. Ndi Andiromeda uja.

Misozi ikulengeza, thalauza lili m'mawondo. Woti ndimuonetse palibe, ndipo malo ano sungaitanireko namwino.

Chimbudzichi anamanga ndi a chipani, pa sabata ya chitukuko. Anachilozetsa kumpoto okha. Ndikhala kaye pompano.

Ahedi akutsokomola panja, nawo akudikira: "Asambizgi, mwamala?"