Phala la ku Nakonde ndi Chikwama cha Apongozi

Ndiyambe ndi kunena kuti mwana ali moyo, kuti inu a mtima wothamanga ngati wanga musalumphire kumapeto. Taonga ali bwino, pano ndikulemba akukangana ndi anzake panja. Koma zimene ndinachita Loweruka lina kuno ku Kabwata, ndikazikumbukira ndili m'basi ndimabisa nkhope kuwindo.

Mwana wangayu sagwirizana ndi nshawa, mtedza uja. Akangolawa pang'ono milomo imatupa, thupi limachita zidzolo, mpweya umavuta. Tinazindikira atangoyamba kudya phala, ndipo kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi wa m'khitchini. Ndikalowa m'shopu ndimatembenuza paketi iliyonse n'kuwerenga timalemba tonse ta kumbuyo (oima pamzere kumbuyo kwanga amandidziwa, ndipo sandikonda). Ndilinso ndi setifiketi ya zophikaphika. Ku koleji anatiphunzitsa kuti chakudya chochokera kunja chiyenera kulembedwa m'Chizungu zonse zimene zili m'kati mwake, apo ayi wochibweretsa amatepo kapepala komasulira. Funso limeneli linabwera pamayeso. Ndinalikhoza.

Ndiye pali apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Kwawo ndi ku Chipata ngakhale akalambira ku Chelstone, ndipo kwa iwo ndiwo yosatendera ndi chilango. Za matenda a Taonga sanazikhulupirire kwenikweni.

“Mwana wa kum'mawa kudwala nshawa? Nanga nsomba ingadwale madzi?” ankatero.

Ine ndinawaikira malamulo. Asabweretse chiwawa (masamba a maungu) chotendera, asabweretse mabisiketi, asabweretse chikanda. Nthochi zokha. Ankangoti “Chabwino, a dokotala,” n'kumakhala.

Vuto linali lakuti Taonga ndi wowonda. Kusikelo mzere wake unkayenda chogona ngati msewu wa Great East, ndipo apongozi akabwera ankamugwira kamkono n'kundiyang'ana.

“Amake Taonga, mwana uyu mumudyetsa chiyani? Mphepo?”

Mawu amenewo ankandisowetsa tulo. Tsiku lina mnzanga wa kukwaya anandiuza za ufa wa phala wa ku Tanzania, umene umabwera ndi malole a ku Nakonde. Akuti mwana wake anachita kusintha mayunifomu. Ndinapita m'tauni, n'kuupeza m'kashopu kena kodzaza katundu mpaka kudenga. Papaketi panali chithunzi cha khanda la masaya ngati mabanzi.

Ndinatembenuza paketi monga mwa mwambo wanga. Chizungu panalibe. Kapepala komasulira panalibenso. Zonse zinali m'Chiswahili. Apa ndiye mayi wa setifiketi anayenera kubweza paketi pashelefu n'kutuluka. Koma ndinayang'ananso masaya aja, kenaka ndinayamba kuwerenga, ndipo ndinadabwa kuti ndikumva! *Unga*, si unga womwewu, ufa wa nsima, timagula tsiku ndi tsiku? *Sukari*, shuga. *Soya*, soya. Ndinati aa, Chiswahili ndi Chinyanja chongovala jekete.

Panatsala mawu atatu. *Mahindi* ndinati mwina ndi tokometsera ta amwenye. *Ulezi* ndinawerenga “ulesi” n'kuseka ndekha kuti eya, phala losavuta kuphika, la ife amayi aulesi. Lomaliza linali *karanga*. Ife a mu Lusaka “r” sitimuvutikira, ndiye m'mutu mwanga munamveka “kalanga”, ngati mmene amalirira amayi pamaliro: kalanga ine! Ndinaseka kachiwiri. Poti linkamvekanso ngati “kazinga”, ndinaganiza kuti mwina akutanthauza kuti ufawo ndi wokazinga. Chimene ndinkasaka ine ndi nshawa, mtedza, mbalala, kapena liwu lililonse lofanana nawo. Poti zilankhulo zathu ndi pachibale, nshawa ikanabisala bwanji?

Ndinafunsabe mnyamata wogulitsa ngati muli nshawa.

“Ba sister, iyi ni ya bana. Bonse bagula, kulibe anabwelapo kudandaula.”

Ndinagula.

Loweruka apongozi anabwera m'mawa ndi chikwama chawo chakuda chimene sachisiya ngakhale popita kubafa. Ndinaphika phala lija mwadala kuti aone. Taonga, mwana amene ndimachita kumuthamangitsa ndi supuni kuzungulira tebulo, anamaliza mbale yonse n'kunyambita. Anapemphanso lina. Ndinamuonjezera (inde, ndinamuonjezera) uku ndikuyang'ana apongozi m'mbali mwa diso. Kenaka ndinawasiya awiriwo pa sitingirumu, ine n'kukayanika zovala kuseri.

Sindinamalize ndi beseni lomwe. Ndinamva apongozi akukuwa dzina langa lenileni, limene sanalitchulepo chikwatiwire. Nditalowa ndinapeza Taonga ali pamiyendo pawo, milomo ili ngati yolumidwa ndi njuchi, maso atatsala timing'alu, akupuma molira ngati kamwana ka pusi. Pambali pawo chikwama chija chinali chotsegula.

Atate ake Taonga anali akungofika kuchokera kuntchito ku Heavy Industrial. Sanazimitse n'komwe galimoto. Njira yonse yopita kukiliniki ndinali nditamukumbatira mwana, ndikumuuza kuti apume, ngati kuti anaiwala chabe. Koma m'mutu mwanga mlandu unali utazengedwa kale, woweruza ine, mboni ine. Chikwama chotsegula. Gogo amene sakhulupirira matenda. Ine kuseri kwa nyumba.

Anesi anamulandira mwachangu, anamubaya jekeseni, n'kumuveka kachipangizo ka mpweya kumaso. Anatiuza kuti tidikire pabenchi panja. Pamenepo, pakhonde lodzaza anthu odikira dokotala, m'pamene ndinatsegula pakamwa.

“Amama, mwamupatsa chiyani mwana wanga?”

“Ine? Palibe.”

“Nanga chikwama munatsegulira chiyani?”

“Ndimafuna mpango ndimupukute kukamwa.”

“Mwakhala mukufuna kumuyesa! Kuyambira kale mufuna muone ngati ndinama!”

Amuna anga anandigwira paphewa. “Iwe, ni amai aba. Nkhala pansi.”

Sindinakhale. Ndinalanda chikwama m'manja mwa mayi wachikulire, wa chigwirizano kutchalitchi, amene anabereka bambo wa mwana wanga, n'kuchikhuthula pabenchi. Munatuluka buku la nyimbo, magalasi, mankhwala a BP, mpango, ndi nthochi ziwiri zokulunga m'pulasitiki. Ndinachigwedezanso chozondotsa. Ndinapisa dzanja m'kathumba ka m'kati kusaka ngakhale khoko limodzi. Munagwa chipini cha tsitsi. Bambo wina pakhondepo anati “Mmm” motalika.

Dokotala atatuluka anati mwana wayamba kupuma bwino, koma agone kaye amuone. Anafunsa chimene wadya.

“Kwa ine wadya phala chabe,” ndinatero, ndikutsindika “kwa ine”. Ndinali nditajambula paketi ija pafoni tsiku logula kuti nditumizire mnzanga wa kukwaya, ndiye ndinaonetsa chithunzicho monyadira. Dokotala anachiyang'ana n'kunena kuti iye Chiswahili sadziwa. Amuna anga anatenga foni yawo n'kuyamba kulowetsa mawu aja limodzilimodzi.

“*Mahindi*... chimanga.”

Ndinati chabwino, amwenye ndawalakwira.

“*Ulezi*... mawere.”

Kenaka analowetsa *karanga*. Ndinaona chala chawo chitaima. Anangonditembenuzira foni. Panali chithunzi, kuti ngakhale wosaphunzira amve: nshawa, zina zosenda, zina za m'makoko, mulu wonse.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbukira ndi apongozi akutolera katundu wawo pabenchi. Sanafulumire. Anapukuta magalasi, anapinda mpango, buku la nyimbo analiika pansi penipeni. Nthochi anazisiya.

“Mwana apuma?” apongozi anafunsa kwa dokotala, osati kwa ine.

“Apuma, amama.”

“Basi.”

Amuna anga anawapempha kuti adikire awaperekeze pagalimoto. Anakana. Anati mabasi a ku Chelstone sanathe, ndipo anatuluka pageti chikwama chili m'khwapa.

Taonga anatuluka tsiku lotsatira, masaya atatupadi ngati a khanda la papaketi, koma osati mmene ndinkafunira. Ufa wotsala ndinautaya. Sabata yomweyo ndinavala chitenje, ndinapita ku Chelstone, n'kugwada pakhomo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma atatsegula chitseko ndinangoyamba kulira.

“Nyamukani, amake Taonga, mudetsa chitenje,” anatero. Anandipatsa tiyi. Anafunsa za mwana. Za pabenchi sanazitchule, ndipo mpaka lero sanazitchulepo. Ndikanakonda akananditukwana, kapena akanaitana alongo awo a amuna anga tikhale pansi andidzudzule. Akanangonena kamodzi kokha kuti “Nanga a dokotala, setifiketi ija inali kuti?” bwenzi nditapepukidwa. Koma ngakhale dzina loti “a dokotala” analisiya.

Masiku ano paketi yopanda Chizungu sindiigwira, ngakhale itajambulidwa mngelo. Liwu limene sindikulidziwa ndimalifunsa, ndipo limene likuoneka ngati ndikulidziwa ndimalifunsa kawiri. Phunziro limenelo ndinalimva, ndipo linali losavuta.

Lovuta ndi ili. Apongozi anayambiranso kubwera Loweruka, chifukwa mdzukulu wawo sangamusiye. Koma akafika pakhomo, asanapereke moni, amatsegula chikwama chija n'kuchiika patebulo chili yasa, ngati munthu wolowa m'banki. Samwetulira, sakwiya. Amuna anga amayang'ana kudenga. Ine ndimati, “Aa, amama, chonde, musatero,” ndipo ndimanena kuchokera pansi pa mtima.

Kenaka iwo amawerama kuti anyamule Taonga, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndimasuzumiramo.