Mlandu wa nsomba za a Jaji

Pamzere wathu wa mashopu panalibe munthu amene anakametetsa kwa a Jaji n'kutuluka asanazengedwe mlandu. Dzinalo tinawapatsa ndife, poti kukhoti sanapondeko n'komwe, ntchito yawo inali yometa anthu basi. Ankadikira kuti ukhale pampando, akukulunge nsalu, akupake thovu, lumo lifike pakhosi, ndiye mafunso ayambe. Munthu lumo likakhala pakhosi umavomera ngakhale zimene anapalamula agogo ako.

Ine ndine telala. Shopu yanga inagundana ndi yawo, ndipo pakati pake pali khoma la matabwa lokhala ndi mng'alu woti diso limakwanapo bwinobwino. Sindibisa, ndinkasuzumira. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinamvetsera milandu ya ambulera yosowa, ya chipeso chothyoka mano, ya amene anayetsemula osatseka pakamwa. Chigamulo chinkakhala chomwecho: "Mwapezeka olakwa. Mubwere sabata yamawa ndidzakuwongoleni m'mbalimu."

Mkazi wawo anamwalira kalekale. Mwana anali mmodzi, wamkazi, namwino kutauni ina yakutali, ndipo kwa zaka ziwiri ankawanyengerera kuti atseke shopu akakhale naye. Iwo ankakana kwamtuwagalu. "Kumeneko ndikachita chiyani, kuweruza makatani? Tsiku limene mudzandichotse pano, mudzagulirenso bokosi." Mwanayo anandisiyira nambala yake mobisa, akuti, "Azakhali, bambowa akukula. Mukadzaona chachilendo mundiimbire." Ndinaiika pansi pa chitini cha mabatani, n'kulumbira mumtima kuti sindidzaigwira.

Chuma cha a Jaji chinali thanki yagalasi ya nsomba zokongoletsa, imene inakhala pansi pa kalilole wamkulu. Munali nsomba makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za mitundumitundu: tofiira, tamizeremizere, zina zamichira ngati diresi la mkwatibwi, ndi kakuda kamodzi kamene ntchito yake inali kunyambita galasi. Ankati umenewo ndiwo mzinda wokhawo wamtendere padziko lapansi, chifukwa woweruza wake sagona tulo.

Tsiku lina Lolemba m'mawa anagogoda khoma lija.

"Mayi telala, tabwerani mudzaone maliro."

Ndinapita ndi tepi m'khosi. Kansomba kofiira kanagona pansi, pakona ya kumanzere. Kanalibe bala kapena chotupa, mtundu wake uli phuliphuli ngati kamoyo. Chimene chinandidabwitsa ndi zinzakezo. Zonse zinaunjikana kukona ina, zitafulatira, osasambira, zikungotsegula ndi kutseka pakamwa.

"Yakalamba basi," ndinatero.

"Kukalamba kumabwera Lolemba? Apa pali dzanja la munthu."

Woyamba kukhala pampando tsiku limenelo anali wogulitsa nyama, bambo wamkulu thupi woti mpando unkalira akakhalapo.

"Loweruka munaziyang'ana nsombazi?"

"Aliyense amaziyang'ana, a Jaji."

"Ena amaziyang'ana. Inu mumaziyeza pasikelo ndi maso. Kwezani chibwano."

"Kansomba kochepa ngati chala ndikakatani ine?"

"Ndiye mukuvomera kuti kukula kwake munakuyeza."

Lachinayi inafa yachiwiri, pakona yomweyo. Wamagetsi anazengedwa kuti anachepetsa moto wa pampu ya mpweya chifukwa cha nsanje. Aphunzitsi opuma ntchito anapezeka olakwa poimba mluzu pafupi ndi thanki. Ine ndemwe ndinaimbidwa mlandu wakuti makina anga amanjenjemeretsa madzi. Ndinawayankha kuti makinawo akhala akunjenjemera kuchokera nsombazo zisanabadwe, ndipo ngati akufuna ndisiye kusoka, mabatani a malaya awo azimata ndi thovu. Anandimasula, koma anati apilo ikubwera.

Anaitanitsa munthu wa kusitolo yogulitsa nsomba zotere. Anabwera ndi timabotolo, natunga madzi, nadonthezamo mankhwala, n'kuyang'ana padzuwa. Anati madzi alibe vuto, kutentha kuli bwino, pampu ikugwira. A Jaji anamuthokoza, kenako anamukhazika pampando n'kumufunsa kumene anali Lachitatu.

Tinkaseka, koma kusekako kunayamba kuuma. Pofika mwezi wachiwiri zinali zitafa khumi ndi imodzi, ndipo zonse zinkapezeka pakona imodzimodziyo, mutu utaloza kukhomo. A Jaji anasuntha miyala, anasintha mchenga, anaitembenuza thankiyo. Yotsatira inakafera kukona imene tsopano inali kumanzere. Anthu anayamba kupempha kuti mpando uzizunguliridwa kumsewu. Wogulitsa nyama, munthu wopha mbuzi zitatu asanamwe tiyi, anandinong'oneza kuti tsiku lina masana anaona nsomba zonse zikutembenukira kukhomo nthawi imodzi ngati mwalowa munthu, pamene sipanalowe aliyense.

"Alipo amene amalowa muno ndikapita kokadya," a Jaji anandiuza motsitsa mawu. "Ine ndimathira chakudya kamodzi, m'mawa, kakang'ono potsina. Koma chitinichi chikutha ngati muli ng'ombe. Kutsutsa galu n'kukumba, mayi telala. Lero mukhala mboni."

Itakwana twelofu koloko anawaza paudala wometera pansi ponse, kuyambira pathanki mpaka pakhomo, akubwerera chambuyo. Anakhoma loko, kiyi m'thumba, napita. Ine ndinali ndi mayi wina wovuta woyesa diresi la ukwati wa mwana wake, ndiye sindinamve kalikonse. Thu koloko anandiitana, natsegula.

Paudala uja panali mapazi. Anachokera pakhomo, kukafika pathanki, n'kubwerera. Anapitanso, n'kubwereranso. Chidendene cha kumanzere chinali ndi chigamba chamakona atatu. A Jaji anawerama n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anagwira mpando, nakweza phazi lawo lamanzere. Chigamba chinali chomwecho.

"Mwaona kuchenjera kwake?" anatero. "Wandivula nsapato, wayenda nazo, wandivekanso, ine osamva."

Ndinaseka. Nditawayang'ana kumaso ndinaona kuti sakuchita nthabwala.

Mawa lake masana ndinazimitsa makina n'kuika diso pamng'alu. Patapita mphindi pang'ono nditawaona akutseka, kiyi analira pakhomo. Analowa a Jaji, atavula chipewa, nkhope ili mbee ngati ya munthu amene wangodzuka kumene. "Mwadzuka bwanji, anthu anga?" anatero kwa nsomba, nathira chakudya, natuluka, nakhoma. Sipanapite theka la ola, kiyi analiranso. "Mwadzuka bwanji, anthu anga?" Tsiku limenelo kunawachera kanayi.

Masiku atatu ndinasunga pakamwa panga, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti imeneyo ndi ntchito yaikulu. Ndinkadziwa chimene foni imodzi ingachite. Koma Loweruka ndinawaona ataima pambali pa wogulitsa nyama, thovu lili tho kumaso kwake, lumo lili m'mwamba. Mafunso anali atalekera pakati. Ankaliyang'ana lumolo ngati chinthu chimene wina wawagwiritsa pamsewu n'kuthawa. Wogulitsa nyama anali atatsinzina, sanaone kanthu. Ndinasuntha chitini cha mabatani n'kuimba.

Mwanayo anafika patapita masiku awiri ndi galimoto yobwereka. Panalibe phokoso limene ndinkaliopa. Pamene iye ankalongedza zipeso ndi matawulo, a Jaji anagogoda khoma.

"Mayi telala, khalani apa."

Aka kanali koyamba kuti ndikhale pampando umenewo. Sananditchinge nsalu, ndipo m'manja mwawo munalibe lumo.

"Munaimba foni ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Munaona chiyani? Munene zoona zokhazokha."

Ndinafotokoza za kiyi, za moni wa m'mawa nthawi ya masana, za chitini cha chakudya. Za lumo sindinatchule, ndinawamvera chisoni. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sanachitirepo mboni ina iliyonse.

"Ndiye wakupha nsombazi ndine?"

"Ndinu, bambo. Mumazidyetsa mopitirira muyeso. Simuchitira dala."

Anayang'ana thanki, kenako manja awo. "Anthu onse aja ndinawavutitsa chabe," anatero. "Mukawauze kuti ndawamasula. Woweruza wopha anthu ake sayenera kukhala pampando." Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti tiyeni. Amene ankakana zaka ziwiri anakwera galimoto okha, osagwiridwa dzanja. Thanki ndi nsomba khumi ndi ziwiri zotsala anandisiyira ine.

Anakhala miyezi inayi kumeneko. Mwanayo akuti bambo ake sanadwale kwenikweni, anangosiya kufunsa mafunso, kenako anasiya kuyankhula, ndipo tsiku lina sanadzuke. Kumaliro tinapita mzere wonse. Wogulitsa nyama analira mpaka kumugwirizira anthu awiri.

M'shopu muja tsopano mukugulitsidwa zikwama. Abambo a pamzere pano amakameta kwina, kwa achinyamata amene amameta foni ili kukhutu, ndipo amabwerako atameta bwino koma alibe nkhani. Munthu akhoza kulakwa mlungu wathunthu osapeza womufunsa. Masana kumangoti zii, moti makina anga ndimawamva ngati a munthu wina. Ndimawasowa bambo amene aja, ndipo sindichita manyazi kunena.

Thanki ili pambali pa tebulo langa lodulira. Ndimathira chakudya kamodzi, m'mawa, kakang'ono potsina, n'kuchonga pakalendala. Chitini ndimachikiyira m'dirowa, kiyi ali pachingwe m'khosi mwanga. Masabata atatu oyamba sinafe ngakhale imodzi, ndipo mumtima ndinkati ndinachita bwino. Sabata yachinayi ndinapeza yamizeremizere itagona pansi, yopanda bala, mtundu uli phuliphuli. Kenako ina. Pamene ndikunena pano zatsala zinayi.

Ndinaitana munthu wa kusitolo uja. Anadontheza mankhwala ake n'kunena kuti madzi ali bwino. Ndinamufotokozera za a Jaji ndi chitini chawo, iye n'kupukusa mutu.

"Mayi, chakudya chikachuluka mpaka kupha nsomba, madzi amaonetsa. Nthawi ija ndinayeza ndekha, anali oyera. Pampu ya mkulu uja inali yamphamvu, inkachotsa zonse."

"Nanga chikuzipha n'chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma si chakudya."

Dzulo mwana wawo anandiimbira. Anafunsa za moyo, za ntchito, kenako anati, "Nanga nsomba za bambo zili bwanji, azakhali? Munatithandiza kwambiri. Pakanapanda inu sakanavomera kuchoka." Ndinamuuza kuti zili bwino, ndipo tinatsanzikana.

Kuiwala a Jaji ankaiwaladi, zimenezo ndinaziona ndi maso anga, ndipo lumo lija ndimalikumbukirabe. Ndikanawauza za lumolo, mwina akanandikwiyira, akanakana, akanachoka akutukwana. Ine ndinasankha zimene ndinkaona ngati zofewa. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akufunafuna wolakwa anandifunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinamuyankha motsimikiza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anapita kumanda atavomera mlandu umene sunali wawo, ndipo mboni yake ndinali ine ndekha.