Moto Wopanda Mvukuto

Lolemba
Akamwini anga, a Daka, abwerera ku Lusaka. Andisiyira fodya wawo wamagetsi, ati ndiyese sabata ino, mwina ndingasiye fodya wa balani amene akundikhosomoletsa. Adzatenga Lamulungu. Kabokosi kolemera ngati mwala wonolera. Ukadina, utsi! Popanda machesi, popanda khala, fungo la mango. Ndautulutsira m'mphuno, nkhuku zathawa.

Pochoka auza amake Tisa, mkazi wanga, ine ndili pomwepo: "Mayi, kawaya ka m'katimo n'ka nikelo. Kasaotchedwe kouma, kopanda thonje ndi madzi ake." Kundiuza ine za chitsulo! Ndinasulira makasu Chinyunyu yonse iwo asanamere mano. Sukulu sindinaipondepo, koma moto ndimaudziwa.

Lachiwiri
Kukoma kwachepa. Ndatsegula. Kawaya kopotana ngati kamchira ka nkhumba, kakang'ono, kokongola. Anakapota ndani? Ndi zala zanji? Koma kada. Ndipo chitsulo chikada, mankhwala ake ndi moto.

Amake Tisa ati ndiimbe foni ndifunse. Mpongozi kupempha nzeru kwa mkamwini? Mawa adzandiphunzitsa kumeta ndevu.

Chochita:
– kuchotsa thonje
– kuotcha
– kuwabwezera kowala kuposa mmene anakasiyira

Lachitatu
Thonje ndachotsa. Ndikudina, bokosi likukana, likungophethira timalemba. Lili ndi nzeru zakezake, likuopa kutentha! Ndadina mabatani onse mpaka lagonja.

Mayo ine! Kawaya kafiira! Kayambira pakati, n'kufalikira m'mbali, ngati dzuwa likusuzumira kuseri kwa phiri. Popanda mvukuto, popanda thukuta. Zaka zonse zija ndikupukusa mpaka msana kupindika, osadziwa kuti moto ungagone m'thumba la buluku. Ndadinanso.

Lachinayi
Ndaitana ba Malaya, mnzanga wa nsolo. Abwera ndi ena. Talowa m'nyumba, tatseka chitseko kuti kuwala kuoneke bwino. Ba Malaya avula chisote. Ati, "Imwe, aka n'kamphezi koweta." Mayi wina wogulitsa nthochi kumsewu wadzilemba mtanda. Aliyense akufuna kuonanso. Ndiwamane bwanji?

M'nyumba fungo lachilendo, ngati sefuliya yoiwalika pamoto. Ndawauza kuti ndi litsiro likutuluka.

Lachisanu
Kawaya sikanayere. Kachita bii, pena kobiriwira, kafumbi kakuyoyoka. Ndabwezera thonje, ndathira madzi ake, ndakoka.

Mango palibe. M'kamwa ngati ndayamwa kandalama ka ngwee kakale. Kukhosi kukukanda, chifuwa chikulira ngati minibasi pachitunda cha Manenekela. Amake Tisa akungosesa pafupi ndi mapazi anga. Tsache ndilo likuwalankhulira.

Mwina sikanapse mokwanira. Ndachotsanso thonje, ndaotcha kwambiri. Kawala mpaka kuyera mbee, kenaka thi! kaduka. Chitsulo kufewa ngati phula! Chibadwire sindinaonepo.

Loweruka
A Daka afika mawa. Zimene ndayesa:
– waya wa msampha: wakana kulowa m'kabowo
– waya wa buleki ya njinga: bokosi latentha m'manja, ndaliponya pamchenga
– kulumikiza kodukako ndi nyundo: kadumpha, kasowa

Ndafunafuna pansi chokwawa, munthu wamkulu ngati ine. Ba Malaya ati ndidzanene kuti khoswe wadya. Khoswe wake uti wotsegula bokosi n'kutsekanso?

Lamulungu
Afika. Agwada, aomba m'manja. Ndawapatsa bokosi, maso anga ali kukhola la mbuzi. Atsegula, anunkhiza. Ine ndikulimbana ndi chifuwa kuti chisandiulule. Chandiulula.

Atembenukira kwa amake Tisa: "Mayi, nikelo akafiira amachita kafumbi koipa m'mapapo. Wolakwa ndine, sindinafotokoze bwino."

Akanakalipa, bwenzi nditawayankha, mawu ndinali nditakonza kale. Koma munthu wogwada umamuyankha chiyani?

Bokosi lalowa m'chikwama. Ati mawa andiperekeza ku kiliniki ya ku Rufunsa, anesi akamve chifuwachi. Ndati sindipita. Ati anena kale ndi kondakitala wa minibasi, ndikhala mpando wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Chabwino. Amake Tisa akusita jekete.